Musagule RAM ndi mantha, yesani ntchito yanu kaye

Tsiku lina lotentha la mu Okutobala, aphunzitsi ena a ku Chadiza anafika pakashopu kanga kuno ku Chipata atakulunga kompyuta yawo m'chitenje ngati mwana wodwala. Anaitula patebulo, n'kupukuta thukuta, n'kunena kuti, "Achimwene, memory yadzaza. Ndafufuta zithunzi zonse, ngakhale za ukwati wa mwana wanga, koma ikungoyendabe ngati bilimankhwe."

Nditaiyatsa ndinapeza kuti hard disk yawo ya 500 GB inali ndi malo ambirimbiri, kuposa theka munalibe kanthu. Vuto linali pa RAM. Inali 4 GB basi, ndipo Windows ndi Chrome zinali zitaigawana kale iwo asanatsegule n'komwe fayilo ya mayeso imene ankafuna kulembera ana. Zithunzi zina tinazipeza zikadali mu Recycle Bin n'kuzibweza. Zina zinapita, ndipo zinapita pachabe. Nkhope ya mayi aja nditawauza zimenezi sindinaiiwale mpaka lero.

Amene anatisokoneza ndi mafoni. Foni ikakana kujambula timati memory yadzaza, timafufuta mavidiyo a pa WhatsApp, zinthu n'kuyambanso kuyenda. Tikafika pa kompyuta timaganiza kuti mankhwala ndi omwewo. Komatu pa kompyuta pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zonse timaziyeza ndi ma GB, ndipo amene anakulira kumudzi amvetsa msanga. Hard disk kapena SSD (disk yatsopano yothamanga kuposa hard disk) ndi nkhokwe. RAM ndi lichero. Mtedza wonse wa chaka uli m'nkhokwe, koma umene mukusankha panopa uli palichero limene lili pamiyendo panu. Lichero likachepa mumangonyamukanyamuka, kukatapa, kubweza, kukatapanso, dzuwa n'kulowa ntchito isanathe. Kumanga nkhokwe yaikulu sikuchepetsa maulendo amenewo. Kutaya mtedza wa m'nkhokwe nakonso sikukulitsa lichero, ndipo n'zimene anachita aphunzitsi aja.

Windows imachitadi zomwezo. RAM ikadzaza, imatenga zina mwa zimene mwatsegula n'kukaziunjika kaye pa disk, mu fayilo imene amaitcha page file. Mukabwerera pa zenera limene munalisiya, imathamangira ku disk kukazitenga, n'kukaunjikako zina. Disk ndi yochedwa kutalitali poyerekeza ndi RAM, makamaka hard disk yakale ija yokhala ndi mbale zozungulira mkati. Apa m'pamene mumamva kabokosi kakukukuta, kanyali ka kutsogolo kakungoyaka osazima, inu mwadina kalekale koma pa sikirini palibe chosintha.

Fanizoli lili ndi mbali ina imene ogulitsa sakonda kuitchula. Ngati mtedza wanu ndi wa m'mbale imodzi, lichero lalikulu ngati mphasa silikufulumizitsani kusankha. RAM ikakwanira ntchito yanu, yowonjezerapo siithamangitsa kompyuta. Windows imayesa kuigwiritsa ntchito posungiramo mafayilo amene mumatsegula kawirikawiri, koma kusiyana kwake simungakumve ndi manja. Ndiye funso loti RAM yokwanira ndi yochuluka bwanji silingayankhidwe ndi chomata cha pabokosi kapena ndi pakamwa pa wogulitsa. Limayankhidwa ndi ntchito imene inuyo mumagwira pa tsiku limene mwapanikizika kwambiri. Ine ndikuona anthu a kuno akuluza ndalama mbali zonse ziwiri. Ena akugula yochepetsetsa chifukwa mtengo unawakopa, ena akugula yochulukitsa chifukwa wina anawaopseza.

Ndiyambe ndi 4 GB, chifukwa ndi imene yadzaza m'makompyuta akaunjika amene amabwera kuchokera ku Lusaka. Wogulitsa adzakuuzani kuti a Microsoft eni ake amati Windows 11 imafuna 4 GB ya RAM ndi 64 GB ya malo osungira. Sakunama. Koma nambala imeneyo ndi yoti Windows iyake, si yoti inu mugwirepo ntchito. Zili ngati munthu akuuzeni kuti mafuta amene ali m'galimoto ndi okwanira kuliza injini. Ilira ndithu, koma simufika nayo ku Katete.

Taganizani zimene zimachitika mukangokhala pansi. Windows yatenga gawo lake lalikulu. Pulogalamu yoteteza ku ma virus yatenga lake. Makompyuta ambiri a mu ofesi alibe graphics card yapayokha, chipangizo choyendetsa zithunzi chimene chimakhala ndi memory yakeyake, ndiye zithunzi za pa sikirini nazonso zimabwereka malo mu RAM yomweyo. Kenako mwatsegula Chrome, imene imapatsa pafupifupi tsamba lililonse malo akeake kuti limodzi likagwa lisagwetse anzake. Tsamba la Gmail, la Facebook, WhatsApp Web, YouTube ikuimba nyimbo chapansipansi, kwinaku mukudzaza mafomu a ZRA kapena a NAPSA. Masamba a masiku ano si zolemba chabe ngati kale, ndi mapulogalamu athunthu. Pa 4 GB mumakhala mutayamba kale maulendo a kunkhokwe musanalembe liwu limodzi. Ine kompyuta ya 4 GB ya Windows sindingamuuze munthu kuti aigule lero, pokhapokha ngati waona ndi maso ake kuti ili ndi mpata wowonjezera ndipo ndalama yowonjezerayo ali nayo m'thumba. Ngati muli nayo kale ndipo ndalama palibe, Linux Mint, imene imaikidwa m'malo mwa Windows, imayenda bwinoko pa RAM yotere, ndipo ndi yaulere.

Pa 8 GB m'pamene ndimasemphana ndi anzanga ena okonza makompyuta. Iwo amati 8 GB inatha ntchito. Amazimva pa YouTube, kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya amene amayesa makompyuta ndi masewera olemera kwambiri ndiponso amagula zinthu ndi madola. Ife ndalama yathu ndi ya chimanga, ya soya, ya malipiro a pa mwezi amene amatha mwezi usanathe. Mlembi wa pa mpingo amene amalemba makalata ndi malipoti a chuma, wogulitsa feteleza ndi mbewu amene amasunga kaundula wa katundu mu Excel, sukulu imene ikuphunzitsa ana kulemba pa kiyibodi, mwana wa ku koleji amene akulemba ntchito yake mu Word atatsegula masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, onsewa 8 GB imawakwanira, bola kompyutayo ikhale ndi SSD. Ndaziona ndi maso nthawi zambirimbiri. Kumuuza munthu wotere kuti popanda 16 GB palibe chimene angachite n'kumulanda ndalama ya fizi ya mwana.

Koma ngati kompyuta ndiye khasu lanu, musanyengerere, pitani pa 16 GB. Ndikunena anthu a m'timashopu tosindikiza ta m'tauni muno, amene m'mawa akupanga khadi la ukwati mu CorelDRAW, masana pulogalamu ya maliro imene abale akuidikira atayima pakhomo, kwinaku Photoshop ili chitsegulire chifukwa chithunzi cha malemu chinabwera chosaoneka bwino, kwinaku makasitomala atatu akutumiza zikalata pa WhatsApp kuti zisindikizidwe. Ndikunenanso owerengera ndalama amene mafayilo awo a Excel ndi a mizere zikwizikwi, ndi ogwira ntchito m'mabungwe amene amakhala pa Zoom kapena Teams uku akutsegula malipoti. A Adobe, eni ake a Photoshop, amati imayamba kuyenda pa 8 GB koma amalangiza 16 GB. Kumene zinthu zikulowera kukuonekanso. Kumapeto kwa 2024 a Apple anakweza RAM ya makompyuta awo a Mac kuti iziyambira pa 16 GB, ndipo a Microsoft amafuna 16 GB pa makompyuta amene amawatcha Copilot+ PC. Munthu amene akugula kompyuta yatsopano yoti adyerepo zaka zisanu, 16 GB ndi nambala yanzeru. Kudikira theka la mphindi pa fayilo iliyonse, kakhumi pa ola, kasitomala akukuyang'anani, ndi ndalama imene ikutuluka osaiona.

Kupitirira apo ndi kwa anthu ochepa, ndipo iwo amadzidziwa. Pali mnyamata wina amene amajambula mavidiyo a maukwati ndi miyambo. Mu Febuluwale amakhala ku Mtenguleni pa Nc'wala, mu Ogasiti ali ku Mkaika pa Kulamba, amabwerako ndi maola ambiri a zithunzi za 4K, zooneka bwino kwambiri koma zolemera kuposa za HD. Anabwera akudandaula kuti Premiere Pro, pulogalamu ya Adobe yokonzera mavidiyo, ikumagwa pakati pa ntchito. Anali ndi 16 GB ndipo tinaona tonse kuti inkadzaza mpaka pakamwa. A Adobe amalangiza 16 GB pa mavidiyo a HD ndi 32 GB pa 4K. Kwa iye 32 GB sinali yodzionetsera, inali chida cha ntchito, ndipo ndinamuuza kuti agule asanagule lens ina. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wa shopu ya zipangizo zomangira nyumba, akunyadira kuti mwana wawo wawagulira kompyuta ya 32 GB. Ntchito yake ndi kulemba malisiti ndi kuona mitengo ya simenti. Titayang'ana, inkagwiritsa ntchito 5 GB kapena 6 GB. Magetsi atathima tili pomwepo, kompyuta inazima nthawi yomweyo, chifukwa analibe UPS, kabokosi ka batire kamene kamaisunga yoyaka kwa kanthawi magetsi akathima.

Nkhani ya magetsiyi ndiimepo pang'ono, chifukwa olemba za makompyuta a kunja saiganizira. RAM imakumbukira pokhapokha magetsi akuyaka. Akangothima, zonse zimene zinali palichero zimamwazika, kaya lichero ndi la 4 GB kaya la 64 GB. Laputopu ili ndi batire lake, koma desktop ilibe. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi akusowa maola ambiri pa tsiku. Amene anataya ntchito ya tsiku lonse nthawi imeneyo sanaitaye chifukwa RAM inachepa. Ngati muli ndi 8 GB ndipo mwapeza kandalama, dzifunseni kaye ngati muli ndi UPS yokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwinobwino. Kuzimazima mwadzidzidzi kumawononganso mafayilo, nthawi zina Windows yomwe imakana kudzukanso.

Nanga mudziwa bwanji kuti inuyo muli pati? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musayeze m'mawa mutangoyatsa. Dikirani tsiku la ntchito yeniyeni, kumapeto kwa mwezi ngati ndinu a malipiro, kumapeto kwa teremu ngati ndinu aphunzitsi. Tsegulani zonse zimene mumatsegula, musachepetse pofuna kuichitira chifundo. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi. Patuluka Task Manager. Pitani pa Performance, musankhe Memory. Pali manambala angapo koma yang'anani awiri, In use ndi Available. Woyambayo ndi mtedza umene uli palichero, wachiwiriyo ndi malo otsala. Zenera limeneli lisiyeni pambali tsiku lonse, muzilisuzumira makamaka nthawi imene kompyuta yayamba kukakamira.

Ngati pa nthawi yokakamirayo Available yatsika mpaka pansi pa 1 GB ndipo ikukhala pomwepo, RAM yachepadi, wonjezerani. Koma kawirikawiri ndimapeza zina. Memory ili pa theka, pamene pa Disk palembedwa 100% osatsika. Pamenepo RAM ilibe mlandu, wolakwa ndi hard disk yakale, ndipo mankhwala ndi SSD. Ndinene mosabisa kuti pa makompyuta akale amene amafika patebulo langa, kusintha hard disk n'kuika SSD ndi kumene kumadabwitsa eni ake kuposa china chilichonse. Kompyuta imene inkatenga mphindi zingapo kudzuka imayamba kudzuka musanamalize kukoka mpando. SSD imachepetsanso ululu wa RAM yochepa, chifukwa nkhokwe yasendera pafupi ndi khonde, ngakhale kuti siilowa m'malo mwa lichero. Ndipo ngati chimene chili pa 100% ndi CPU, kutanthauza processor, ubongo wa kompyuta, ndiye kuti kaya muthire RAM yochuluka bwanji, palibe chisinthe. Mwina processor yakalamba, mwina pali pulogalamu yobisala imene ikudya mphamvu, mwinanso fumbi la chilimwe latseka fani ndipo ikudzichedwetsa dala kuti isapse.

Pali mfundo imodzi ya otsutsana nane imene sindingaikankhire pambali. Amati mapulogalamu akunenepa chaka ndi chaka, ndiye gula yambiri lero kuti usadzavutike mawa. Amawonjezera kuti mitengo siidikira munthu. Apa akunena zoona ndithu. RAM yambiri ya padziko lonse imapangidwa ndi makampani atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron, ndipo chakumapeto kwa 2025 mitengo inakwera kwambiri chifukwa makampani a AI ankagula yochuluka zedi yoika m'makompyuta awo akuluakulu. Ife timamva kuwawa kawiri, chifukwa zonsezi zimagulidwa ndi madola pomwe ife tili ndi kwacha. Ndikuvomera kuti amene akugula yatsopano ndipo akukayika pakati pa 8 GB ndi 16 GB, ngati thumba likulola, atenge 16 GB. Koma mfundo yomweyo ya kukwera mitengo ikundithandiza ine. RAM ikadula, kugula 32 GB imene simudzaigwiritsa ntchito n'kutaya ndalama yambiri kuposa kale. Ndipo ubwino wa desktop kuposa malaputopu ambiri a masiku ano, amene RAM yawo ndi yomatiriridwa pa bolodi yaikulu ya mkati, ndi woti mukhoza kuwonjezera tsiku limene ntchito yakula. Chimene muyenera kugula lero ndi mpata, osati mantha a zaka zisanu zikubwerazo.

Choncho pogula, makamaka yakaunjika, pemphani kuti atsegule bokosi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wogulitsa wachilungamo sakana, ndi tizomangira tiwiri kapena kachogwirira kamodzi. Muona timatabwa ta RAM tatitali, kawirikawiri tobiriwira, titaima m'mipata pafupi ndi fani yaikulu. Werengani mipatayo, ndi iwiri kapena inayi, ndipo ingati ili yopanda kanthu. Task Manager nayonso imaonetsa zimenezi pamene palembedwa Slots used. Funsani mtundu wake, DDR3, DDR4 kapena DDR5. Mitundu imeneyi silowana, kampata ka pansi pa kathabwa kali pa malo osiyana, ndipo amene amakakamiza amathyola bolodi. Timakompyuta tating'ono tija tonga buku, ta Dell OptiPlex Micro, HP EliteDesk Mini kapena Lenovo ThinkCentre Tiny, timagwiritsa ntchito RAM yaifupi ya laputopu, ndiye musakagule yaitali. Timatabwa tiwiri tofanana timathamanga bwino kuposa kamodzi kakakulu, chifukwa processor imatapa mbali ziwiri nthawi imodzi, ndipo izi zimathandiza kwambiri makompyuta opanda graphics card. Ngati mipata ndi iwiri yokha, kathabwa kamodzi ka 8 GB n'kabwino kuposa tiwiri ta 4 GB, chifukwa tsiku lowonjezera simudzataya kalikonse.

Samalaninso ndi ukalamba wa kompyutayo. A Microsoft anasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo lake imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Maofesi a kunja akutaya makompyuta osakwanira muyezo umenewu, ndipo ambiri akutsikira kwa ife atapukutidwa bwino. Kuthira 16 GB ya DDR3 mu kompyuta yotere sikuisandutsa yatsopano. Ndaonanso makompyuta amene wina anaikamo 8 GB koma Windows yake ndi ya 32-bit, imene siitha kuona kupitirira 4 GB. Mwini wake analipira lichero lonse koma akugwiritsa ntchito theka.

Aphunzitsi a ku Chadiza aja anachita mwayi, kompyuta yawo inali ya DDR4, processor yake yokwanira Windows 11, ndipo mpata umodzi unali wopanda kanthu. Ndinali ndi kathabwa ka 4 GB kochokera mu kompyuta ina imene bolodi yake inapsa. Ndinazula chingwe cha magetsi, ndinagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu, n'kukankha kathabwako mpaka tizogwirira ta m'mbali tinalira kuti tha. Zinakwana 8 GB. SSD anabwera kudzaikitsa mwezi wotsatira atalandira malipiro.

Kumapeto kwa teremu anandiimbira foni. Mphwawo wa ku Lusaka anawauza kuti 8 GB ndi yachikale, awonjezere ifike 16 GB, ndipo anali atasunga kale kandalama. Ndinawafunsa ngati ikuvutanso. Anati ayi, ikuyenda bwino, kungoti akuopa.

"Aphunzitsi, muli pa kompyutapo?"

"Ee, ndikulowetsa magiredi a ana. Excel ili yotsegula, Word, ndi masamba anayi."

"Dinani mabatani atatu aja, mundiwerengere pamene palembedwa Available."

Kunali zii kwa kanthawi, ndikumva ana akusewera panja pa nyumba yawo. Kenako anati, "Palembedwa 2.6 GB."

Ndinawauza kuti ndalamayo agule UPS, ndi flash disk yosungiramo zithunzi za ukwati zimene zinatsala.